Gombe Lotayika la California: Kuyenda Pansi ndi Kukwera Mafunde Kumene Msewu Unalephera Kufika

Kumpoto kwa California, m'dziko la United States, kuli gombe limene eni dera amalitcha Lost Coast, kutanthauza gombe lotayika. Msewu wotchuka wa Highway 1, umene umatsata nyanja ya Pacific kwa makilomita mazanamazana kuchokera kummwera, ukayandikira malo amenewa umakhotera kumtunda n'kukalumikizana ndi msewu wa US 101 pa katauni ka Leggett. Omanga misewu ataona kutsetsereka kwa mapiri a King Range, ndiponso mmene nthaka yake imagumukira mvula ikagwa, anasankha kuwalambalala, ndipo chifukwa cha chisankho chimenecho palibe gombe lina mu California lalitali chotere limene latsala lopanda msewu. Wofuna kuliona amayenda pansi atabereka chikwama cha chakudya, tenti ndi zofunda. Pakati pa oyendawo pali kagulu kochepa kamene kamawonjezera katundu wina wovuta kunyamula, ndiye thabwa lokwerera mafunde pamodzi ndi chovala champhira cholowera m'madzi ozizira.

Masewera amene anthuwa amapitira kumeneko amatchedwa surfing. Munthu amagona chafufumimba pa thabwa lopepuka, n'kupalasa madzi ndi manja mpaka kuseri kwa malo amene mafunde amaswekera, ndipo funde labwino likamabwera amapalasa mwamphamvu kuti limutenge, kenaka n'kuimirira ndi kutsetsereka pankhope pa fundelo lisanasweke lonse. Luso limeneli ndi la anthu a pa zilumba za Polynesia, makamaka Hawaii, ndipo ku California linaonekera mu 1885, pamene akalonga atatu a ku Hawaii amene ankaphunzira kumeneko anakwera mafunde ku Santa Cruz pa matabwa osemedwa ku mtengo wa redwood. Lero ndi masewera odziwika padziko lonse, moti analowa m'mipikisano ya Olimpiki ku Tokyo mu 2021. Ambiri akamva za surfing amaganiza za dzuwa, mchenga woyera ndi madzi ofunda. Ku Lost Coast kulibe zimenezo. Mchenga ndi wakuda, nkhungu imaphimba gombe m'mawa wambiri, ndipo madzi amazizira chaka chonse.

Kuti munthu amvetse chimene chimakokera anthu kumeneko, ndiponso chimene chimawapha akalakwitsa, ayenera kuyambira pansi pa nthaka. Chikhokho cha dziko lapansi si chinthu chimodzi chathunthu, koma chili ngati mapale akuluakulu oyandikana amene amayenda pang'onopang'ono. Pafupi ndi Cape Mendocino, kumpoto kwenikweni kwa gombe limeneli, pamakumana mapale atatu: la Pacific, la North America ndi laling'ono la Gorda. Kukankhana kwa mapalewa ndi kumene kumatukula mapiri a King Range, ndipo kumawatukula msanga kuposa mmene mapiri ambiri a ku America amakwerera. Nsonga ya King Peak ndi yotalika mamita 1,246, koma ili pa mtunda wosakwana makilomita 5 kuchokera pamadzi, kutanthauza kuti phiri limangotsikira m'nyanja popanda chigwa pakati. Pa 25 Epulo 1992 chivomezi champhamvu zopitirira 7 chinagwedeza dera la Petrolia n'kutukula mbali ina ya gombe ndi pafupifupi mita imodzi, moti zamoyo za m'nyanja zimene zinamera pa miyala zinatsala pamtunda n'kufa. Chivomezi china champhamvu 7.0 chinachitika pansi pa nyanja kufupi ndi komweko pa 5 Disembala 2024. Pamwamba pa zonsezi pamagwa mvula yochuluka, yopitirira mamilimita 2,500 pachaka m'malo ambiri a mapiriwa, ndipo miyala imene zivomezi zaphwanyaphwanya imakokoloka ndi mitsinje kupita kunyanja. Msewu sungakhalitse pa nthaka yotere.

Dzina lakuti gombe lotayika lisatipusitse kuti kunalibe anthu. Mitundu ya Mattole ndi Sinkyone inakhala kumeneko kwa zaka zikwi zambiri, ikudya nsomba za salmon, nkhono za m'nyanja ndi mtedza wa mitengo ya oak, ndipo milu ya zigoba za nkhono imene anasiya ikuonekabe m'mbali mwa njira. Atsamunda atafika m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, ambiri mwa eni nthakawa anaphedwa ndipo otsala anasamutsidwira kumalo ena mokakamizidwa. Pambuyo pake kunabwera oweta nkhosa, odula mitengo ndi ofuna mafuta, ndipo tauni ya Petrolia inatenga dzina lake ku chitsime cha mafuta chimene chinakumbidwa kumeneko mu 1865. Malonda amenewo atazilala anthu anachoka, ndiye gombe linayamba kutchedwa lotayika. Mu 1970 boma linakhazikitsa King Range National Conservation Area, malo oyamba otetezedwa a mtundu umenewo m'dziko lonselo, pansi pa bungwe la Bureau of Land Management, ndipo mu 2006 gawo lalikulu la malowa linaikidwa m'gulu la chipululu chimene galimoto ndi makina saloledwa kulowamo. Zidzukulu za eni nthaka sizinakhale chete. Mu 1986 mitundu ingapo inapanga InterTribal Sinkyone Wilderness Council, ndipo mu 1997 bungweli linatenganso gawo la nkhalango ya makolo awo chakummwera kwa gombeli. Ndimaona kuti woyenda aliyense ayenera kudziwa mbiri imeneyi asanaponde mchengawo, chifukwa bata limene akukalifuna silinabwere lokha.

Njira imene ambiri amayenda ndi ya makilomita pafupifupi 40, kuyambira pamene mtsinje wa Mattole umathira m'nyanja mpaka ku Black Sands Beach, pafupi ndi mudzi wa Shelter Cove. Nthawi zambiri imatenga masiku atatu kapena anayi. Oyenda amakonda kuyambira kumpoto kulowera kummwera kuti mphepo, imene kawirikawiri imachokera kumpoto chakumadzulo, iziwakankha kumsana m'malo mowawomba kumaso. Mtundawo ukuoneka waufupi, ndiponso mulibe zitunda zambiri, koma pansi pake ndi pamene pamatopetsa. Pena ndi mchenga wofewa umene phazi limamira, pena ndi nsangalabwi zimene zimagubuduka munthu akaziponda, pena ndi miyala ikuluikulu yoterera ndi ndere, yofuna kudumpha umodziumodzi katundu ali kumsana. Makilomita ochepa kuchokera poyambira pali nsanja yakale ya nyale yolondolera sitima ya Punta Gorda, imene inayatsidwa mu 1912, patapita zaka zochepa sitima ya Columbia itamira kufupi ndi Shelter Cove mu 1907 n'kupha anthu opitirira 80. Nsanjayo inazimitsidwa mu 1951, ndipo lero pamchenga wozungulira pamagona zinyama zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa elephant seal.

Chimene chimalamulira ulendo wonsewu ndi kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, ndipo apa ndi pofunika kufatsa, chifukwa munthu wokulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi sanachionepo chinthu chimenechi. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika potsata nyengo ya mvula, koma malo amene madzi anali m'mawa ndi omwewo amene amakhala madzulo. Nyanja yamchere si yotero. Mphamvu yokoka ya mwezi, mothandizidwa ndi ya dzuwa, imachititsa kuti madzi adzaze kawiri ndi kuphwa kawiri pa maola pafupifupi 24 ndi mphindi 50, choncho nthawi ya kuphwa imachedwerako tsiku lililonse. Ku gombe la California kuphwa kuwiri kwa tsiku limodzi sikufanana, chifukwa kumodzi kumatsika kwambiri pamene kwinako kumatsika pang'ono chabe, ndipo nthawi zina kuphwa kwabwinoko kumagwera pakati pa usiku. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amadzaza kwambiri n'kuphwanso kwambiri, pamene ukakhala theka kusiyanako kumachepa.

Tsono pa Lost Coast pali zigawo zitatu zimene phiri limafika pamadzi penipeni, moti nyanja ikadzaza njira imatheratu ndipo mafunde amamenya thanthwe. Choyamba ndi chachifupi, pafupi ndi Punta Gorda. Chachiwiri chimayambira ku Sea Lion Gulch mpaka ku Randall Creek, ndipo chachitatu chimayambira ku Miller Flat mpaka kufupi ndi Gitchell Creek. Ziwiri zomalizazi ndi zotalika makilomita oposa 6 chilichonse, ndipo pa miyala yotere mtunda umenewo ungatenge maola atatu kapena kuposa. Langizo la oyang'anira malowa n'lakuti munthu adutse madzi ali pansi pa mafiti 3, kapena kuti masentimita pafupifupi 90, pa muyezo umene umalembedwa m'ndandanda ya bungwe la boma loona za nyanja ndi nyengo la NOAA yolosera za madzi a ku Shelter Cove. Wanzeru amalowa m'chigawo chotere madzi akuphwa, osati ataphwa kale, kuti nthawi yonse ya kutsika ndi chiyambi cha kukwera zikhale zake. Amadziwiratunso makwawa amene mitsinje imatulukira, monga Cooskie Creek, Shipman Creek ndi Buck Creek, chifukwa ndi malo okhawo amene angathawireko n'kudikira ngati nthawi yamuthera. Pali masiku ena pachaka amene madzi satsika mokwanira dzuwa lili kunja, ndipo pa masiku amenewo ulendo sutheka ngakhale munthu akhale wamphamvu chotani. N'chifukwa chake odziwa amayamba ayang'ana ndandanda ya madzi, kenaka n'kusankha tsiku lonyamuka.

Ndandandayo payokha siyokwanira. Imalosera zimene mwezi udzachite, koma sidziwa za namondwe amene wawomba kutali. Mafunde akakula, madzi amafika patali kuposa pamene muyezo ukunena, ndipo pamakhalanso funde lina lobwera mwakabisira pambuyo pa mphindi zambiri za bata, limene limathamanga mpaka pamchenga wouma. Magombe a kuno ndi otsetsereka kwambiri, choncho madzi obwerera amakoka ndi mphamvu yoti munthu wobereka chikwama akagwa sangadzuke msanga. Mu Malichi 2000, ophunzira awiri ndi kholo limodzi ochokera ku Calgary, m'dziko la Canada, anafa pa Black Sands Beach paulendo wa sukulu, funde litakokolola mmodzi ndipo enawo n'kulowa kuti akamupulumutse. Lamulo limene aliyense amauzidwa kumeneko n'lakuti asafulatire nyanja.

Nanga n'chifukwa chiyani madziwo ndi ozizira, pamene California amadziwika ndi dzuwa? Pali zifukwa ziwiri zogwirizana. Choyamba n'chakuti madzi a m'mbali mwa gombeli amayenda ngati mtsinje waukulu kuchokera kumpoto, kumene kumazizira, kulowera kummwera. Chachiwiri ndi champhamvu koposa. M'miyezi yotentha mphepo yakumpoto imawomba motsata gombe, ndipo chifukwa cha kuzungulira kwa dziko madzi apamwamba sapita kumene mphepo ikulowera koma amapatukira kunyanja yakuya. Malo amene asiyawo amadzazidwa ndi madzi ochokera pansi, amene sanaonepo dzuwa. Asodzi a kummwera kwa nyanja ya Malawi amachidziwa chinthu chofanana nacho, pakuti mwera ukawomba kwa masiku angapo m'nyengo yozizira umakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo apansi amatumphukira pamwamba. Achewa amene ali ku Cape Town nawonso amadziwa mmene madzi a ku Camps Bay amalumira mapazi ngakhale mu Januwale, ndipo chifukwa chake n'chomwechi. Pafupi ndi Cape Mendocino kutumphuka kumeneku ndi kwamphamvu kwambiri, moti madzi amakhala pakati pa madigiri 10 ndi 13 pafupifupi chaka chonse, pamene pamwamba pa nyanja ya Malawi pamakhala pakati pa 24 ndi 29. Mpweya wofunda ukadutsa pamwamba pa madzi ozizirawo umasanduka nkhungu. Madzi omwewo amabwera ndi chakudya cha tizamoyo ting'onoting'ono, tizamoyoto timadyetsa nsomba, nsomba zimadyetsa ma seal, ndipo kumene kuli ma seal kumakhalanso shaki zoyera zikuluzikulu. Wokwera mafunde kumeneko amalowa m'madzi akudziwa zimenezi.

Thupi la munthu limasunga kutentha kwa madigiri pafupifupi 37, ndipo madzi amalanda kutenthako msanga kwambiri kuposa mpweya wozizira mofanana. Munthu wosavala zoyenera akagwera m'madzi a madigiri 11, choyamba kumuchitikira ndi kubanika. Amakoka mpweya mosafuna, kupuma kumathamanga, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi pa nthawiyo akhoza kumira m'mphindi zoyambirira zomwezo. Akapirira pamenepo, magazi amathawira mkati kuti ateteze mtima ndi ubongo, ndiye manja ndi miyendo zimafooka mpaka kulephera kugwira kapena kusambira. Kuzizidwa kwenikweni kwa thupi lonse, pamene kutentha kwatsika pansi pa madigiri 35, kumabwera pambuyo, ndipo zizindikiro zake ndi kunjenjemera, kulankhula mosamveka ndi kusokonezeka maganizo. Kusokonezekako ndi koopsa mwapadera, chifukwa wozizidwayo sazindikira kuti wayamba kulakwitsa.

Chimene chinatsegula magombe ozizira kwa okwera mafunde ndi chovala chotchedwa wetsuit. Chimasokedwa ndi mphira wa neoprene wokhala ndi timabowo tambirimbiri ta mpweya, ndipo timabowoto ndi timene timatchinga kutentha kwa thupi kuti kusathawe. Madzi ochepa amalowa ndithu pakati pa khungu ndi chovala, koma chikakhala chothina bwino sayendayenda, motero thupi limawafunditsa. Katswiri wa sayansi Hugh Bradner wa pa yunivesite ya California ku Berkeley ndiye anayesa njira imeneyi cha mu 1952, ndipo Jack O'Neill, amene anatsegula sitolo yake ku San Francisco m'chaka chomwecho, ndi mmodzi mwa amene anaifalitsa pakati pa okwera mafunde. Pa madzi a ku Lost Coast ambiri amavala champhira wokhuthala mamilimita 5 pachifuwa ndi 4 m'manja ndi m'miyendo, chokhala ndi chisoti, pamodzi ndi nsapato zamphira ndipo nthawi zina magolovesi. Vuto limayamba munthu akatuluka m'madzi. Kutauni amathamangira m'galimoto yofunda kapena m'bafa la madzi otentha, koma kuno amavula pamphepo ndi zala zouma gwa, ndipo chovalacho sichiuma usiku wa nkhungu, choncho m'mawa amachivalanso chili chonyowa. Zovala zouma zosungidwa m'thumba losalowa madzi, chofunda chabwino ndi kambaula ka gasi kowiritsira madzi ndi zimene zimatchinjiriza moyo pamenepa. Moto wa nkhuni sungadaliridwe, chifukwa m'miyezi youma umaletsedwa poopa kuyatsa tchire.

Malo amene okwera mafunde amalunjika ndi Big Flat, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 13 kumpoto kwa Black Sands Beach. Ambiri a iwo sayenda njira yonse ya makilomita 40, koma amachokera kummwera, n'kudutsa chigawo chachitatu chija cha madzi odzaza, ndipo pobwerera amachidutsanso. Big Flat ndi chidikha chimene mtsinje unapanga pothira miyala ya m'phiri kwa zaka zambirimbiri mpaka kutuluka ngati lilime lolowa m'nyanja. Maonekedwe amenewa ndi amene amapanga funde labwino. Funde limasweka likafika pamadzi osaya, pafupifupi pamene kuya kwa madzi kwayandikira kutalika kwa fundelo. Pagombe lowongoka funde lonse limafika posaya nthawi imodzi n'kugwa ngati khoma, ndipo palibe chokwera. Koma pamene pali nsonga yolowa m'nyanja, mbali imodzi ya funde imafika posaya poyamba, ndiye kuswekako kumayenda cham'mbali pang'onopang'ono ngati munthu akung'amba nsalu, ndipo wokwera amathamanga patsogolo pa thovu kwa mtunda wautali.

Mafundewo sabadwira pomwepo. Amapangidwa ndi anamondwe a kumpoto kwa Pacific, cha ku zilumba za Aleutian ndi Gulf of Alaska, ndipo amayenda makilomita zikwizikwi asanafike. Paulendo wautaliwo amasanjika bwino, ataliatali patsogolo, ndipo odziwa amayeza mphamvu yake powerenga masekondi apakati pa funde ndi linzake. Mafunde otalikirana masekondi 15 kapena kuposa amanyamula mphamvu yochuluka kwambiri kuposa otalikirana masekondi 7, ngakhale kutalika kwake kutafanana. Apa ndiye pali mfundo yovuta ya ulendo wonse. Nyengo yabwino kuyenda pansi ndi yotentha, kuyambira Meyi mpaka Seputembala, koma nthawi imeneyo mafunde amakhala aang'ono ndipo mphepo imawasokoneza. Mafunde abwino amayamba kumapeto kwa chaka n'kupitirira m'nyengo yozizira, imene kumeneko imagwa pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Koma imeneyo ndiyo nyengo ya mvula, pamene timitsinje todumphika timasefukira mpaka oyang'anira kuchenjeza kuti madzi opitirira m'mawondo asawolokedwe, masana amafupika, ndipo funde lomwelo limene munthu wadzera ndi limene limatseka njira yobwerera. Wokwera mafunde amafunafuna masiku ochepa, makamaka cha mu Okutobala ndi Novembala, pamene mafunde afika, mvula sinalimbe, mphepo yagona, ndipo kuphwa kwa madzi kwagwera masana.

Kunyamula thabwa pa mtunda wotere ndi ntchito payokha. Ena amalimangirira chopingasa kapena choimirira kuseri kwa chikwama, ena amalikolekera paphewa ndi lamba. Kulemera kwake si kwakukulu, koma limagwira mphepo ngati tanga la bwato, ndipo pa miyala yoterera kukankhidwa pang'ono n'kokwanira kugwetsa munthu. Limabowokanso msanga likagunda mwala, choncho ambiri amatenga zomatira. Chovala champhira chikanyowa chimalemera kwambiri pobwerera kuposa popita. Ndiye palinso chigubu cholimba chosungiramo chakudya, chimene lamulo limakakamiza aliyense wogona kumeneko kukhala nacho chifukwa cha zimbalangondo zakuda zimene zimatsikira kugombe usiku. Chilichonse chonunkhira chiyenera kulowa m'chigubumo, kuphatikizapo mankhwala otsukira mano, mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi phula lopaka pa thabwa kuti mapazi asaterereke. Cholinga si kuteteza chakudya chokha, koma kuteteza chimbalangondo chomwe, pakuti chikazolowera chakudya cha anthu chimayamba kuvutitsa ndipo mapeto ake amakhala kuphedwa. M'tchire la m'mbali mwa njira muli nkhupakupa, muli chomera cha poison oak chimene chimayabwa ndi kutupitsa khungu kwa masiku ambiri kuposa chitedze, ndipo m'milu ya zikuni zokokoloka mumabisala njoka zaululu za rattlesnake. Madzi akumwa savuta chifukwa timitsinje ndi tambiri, koma ayenera kusefedwa kapena kuwiritsidwa.

Chimene chimasiyanitsa kwambiri Big Flat ndi gombe la mtauni ndi zimene zimachitika munthu akavulala. Pansi pa mafundewo pali miyala, ndipo chipsepse cha thabwa chimacheka ngati mpeni. Foni ya m'manja sigwira m'mbali zambiri za gombeli, ndiye ochenjera amanyamula kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti. Ngakhale uthenga utafika, thandizo limadalira helikopita ya asilikali olondera gombe a Coast Guard yochokera cha ku Humboldt Bay kapena anthu odzipereka a ku Shelter Cove, ndipo nkhungu kapena mafunde aakulu zikhoza kuwachedwetsa kwa maola ambiri. Pachifukwa chimenechi malowa si ophunzirirapo. Woyenera kupitako ndi amene anazolowera kale madzi ozizira kwina, amene angasambire kubwerera kumtunda chingwe cha thabwa chikaduka, ndipo amapita ndi mnzake. Ayeneranso kukhala munthu wotha kuyang'ana funde limene wayendera tsiku lathunthu n'kuvomereza kuti lero lamukulira.

Kutchuka kwa gombeli kwabweretsa mkangano wake. Kwa zaka zambiri okwera mafunde a m'derali ankasunga chinsinsi, osatchula dzina la malo pagulu ndiponso osakondwa ndi ojambula zithunzi, chifukwa funde limodzi limakwana munthu mmodzi ndipo gulu likachuluka chimene anadzera chimatha. Intaneti inathetsa chinsinsicho. Oyenda pansi anachuluka mpaka malo ogona oyandikana ndi mitsinje anayamba kuwonongeka, ndipo kuyambira 2017 aliyense wogona m'chipululuchi ayenera kukhala ndi chilolezo chotengeratu. Chiwerengero chimene chinaikidwa ndi anthu 60 olowa patsiku kuyambira pa 15 Meyi mpaka pa 15 Seputembala, ndi 30 patsiku m'miyezi yotsalayo. Pali malamulo enanso ooneka aang'ono koma ofunika, monga lakuti zinyalala zonse zibwerere ndi mwini wake, ndi lakuti wofuna kudzithandiza pagombe akumbe dzenje mumchenga wonyowa, kumunsi kwa pamene madzi amafika akadzaza, kutali ndi mitsinje imene ena akumwa. Pa Big Flat ndi malo ena ochepa palinso minda ndi tinyumba ta eni ake, zimene woyenda ayenera kuzilambalala. Ine ndimaona kuti malire a chiwerengero ndi oyenera, ngakhale amapweteka anthu a m'derali amene kale ankangonyamuka akaona kuti mafunde afika, pamene lero ayenera kupikisana ndi alendo pa chilolezo cha tsiku limene palibe angalosere mafunde ake miyezi isanafike.

Tsiku lochoka ku Big Flat silisankhidwa ndi kukhuta kwa munthu. Ngati ndandanda ikusonyeza kuti madzi aphwa mokwanira mbandakucha, tenti imapasulidwa kukali mdima, chovala chonyowa chimakulungidwa, thabwa limamangidwa pachikwama, ndipo oyenda amadutsa Miller Flat ndi tochi pamphumi kuti akafike pachiyambi cha miyala madzi akutsika. Kuchokera pamenepo phiri lili kumanzere, nyanja ili kumanja, ndipo pakati pali kanjira ka miyala yonyowa kamene kadzakhalapo kwa maola ochepa. Amadutsa Shipman Creek, amadutsa Buck Creek, maso ali kumafunde, ndipo sakhala pansi kupumula kufikira atawoloka Gitchell Creek, pamene gombe limatambasuka ndipo patsala makilomita pafupifupi 6 a mchenga wakuda kukafika kumene anasiya galimoto.